Kodi kove amatupitsa khosi ndi kuwononga impso?

"Moni adokotala. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Domue kuno ku Angónia ndipo pano ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Kwathu kove ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku chifukwa abambo akunyumba amalima kudimba, wina timakagulitsa ku Ulongwe wina timadya. Nde sabata yatha pa gulu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi panabwera uthenga woti kove ali ndi poizoni, ati amatupitsa khosi, amapanga miyala mu impso komanso amaundanitsa magazi. Chandiopsa kwambiri nchoti apongozi anga ali ndi chotupa pakhosi chaka chachitatu chino ndipo kove amamukonda zedi. Mng'ono wanga wa ku Tete nayenso amagaya kove wosaphika nkumamwa m'mawa uliwonse ati achepetse thupi. Kodi tisiye kudya? Nanga mwana ali m'mimbayu sapwetekeka?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo mtima ukhale pansi. Kove amene mwathyola wa madzulo ano muphike, mudye ndi ana, palibe choopsa bola ngati sanapoperedwe mankhwala posachedwa. Ndagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala za kumapiri kuno ndipo odwala amene ndimawaona chifukwa chosowa masamba m'thupi, amayi ochepa magazi, ana a maso ouma, ndi ochuluka kutalitali kuposa amene masamba anawapweteka. Koma uthenga wa pa WhatsApp uja si bodza lokhalokha ayi, vuto lake anatenga tinthu toona tating'ono nkutikuza, chinthu chenicheni choyenera kuchiopa osachitchula nkomwe. Nde tiyeni tione chimodzichimodzi.

Ndiyambe ndi khosi poti ndi limene lakusowetsani tulo. Kove, amene ena amati chomoliya, ndi banja limodzi ndi kabichi, repu, mpiru ndi chainizi. Masamba onsewa ali ndi zinthu zina zimene zimawapatsa kafungo ndi kakuwawa kaja, ndipo tsamba likatafunidwa kapena kudulidwa zinthuzo zimasintha nkukhala zina zimene zimatha kusokoneza chithokomiro. Chithokomiro ndi kachiwalo kali kutsogolo kwa khosi, aliyense ali nako, ntchito yake nkutenga ayodini m'magazi nkupanga timadzi toyendetsa thupi, kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kukula kwa mwana, zonsezo. Zinthu za m'masambazi zimapikisana ndi ayodini polowa m'kachiwaloka, ngati pa mjigo pamene ndowa za ena zadzadza pamzere yanu nkumachedwa kufika. Ayodini akakhala wokwanira m'thupi, amalowabe bwinobwino. Akakhala wochepa kale, apo mpamene kupikisanako kumayamba kuoneka, chithokomiro chimakula kuti chizitha kugwira kochepa komweko, khosi nkutupa.

Tsono apa pali zinthu ziwiri zimene uthenga uja sunanene. Choyamba, moto. Chimene chimasandutsa zinthuzi kukhala zosokoneza chimafa ndi kutentha, nde kove wowira mumphika kapena wokazinga ndi tomato mphamvu yosokonezayo imakhala yatsika kwambiri. Ife kuno ndani amadya kove wosaphika ndi nsima? Chachiwiri, kuchuluka kwake. Nkhani imene madokotala amaidziwa kwambiri ndi ya gogo wina wa zaka 88 ku America, mu 2010, amene ankadya masamba a mtundu wa chainizi osaphika, kilo imodzi mpaka kilo ndi hafu tsiku lililonse kwa miyezi ingapo poganiza kuti achiza shuga, mpaka chithokomiro chinafooka anakomoka. Taganizani kilo ndi hafu ya masamba osaphika, beseni lonse, munthu m'modzi, tsiku ndi tsiku. Izi nzosiyana kwambiri ndi kambale ka ndiwo kogawana anthu asanu.

Nde chimene chimatupitsa makosi kwathu kuno makamaka nkusowa kwa ayodini. Madera a kumapiri, kutali ndi nyanja ya mchere, monga Angónia, Tsangano ndi Macanga, dothi lake ayodini anakokoloka ndi mvula kalekale, ndiye chimanga, mbatata ya kachewere ndi nyemba zimene timakolola zimakhala ndi ayodini wochepa. Nchifukwa chake boma linalamula kuti mchere wodya uzikhala wothira ayodini. Funso langa kwa inu ndi ili: mchere umene uli kukhitchini kwanuko ndi uti? Ngati ndi wa m'paketi yolembedwa kuti sal iodado, zili bwino. Ngati ndi uja wa mibulu woyeza pa kapu, wokhala pathumba lotsegula padzuwa tsiku lonse pamsika, simungadziwe ngati uli ndi ayodini, ndipo olo anathiramo, chinyezi ndi dzuwa zimamuchepetsa. Gulani wa m'paketi, musunge m'botolo lotseka, osati pa kambale pafupi ndi moto. Sindikunena kuti muzithira mchere wambiri ayi, BP ingakwere, mulingo womwewo bola ukhale wa ayodini. Karapau nayenso amathandiza poti ndi nsomba ya m'nyanja ya mchere, mazira ndi mkaka chimodzimodzi. Kapenta wa ku Cahora Bassa ndi usipa ndi zabwino pa zina, koma pa ayodini nsomba za m'madzi opanda mchere zimachepekedwa.

Ndipo ngati tikufuna chakudya chokayikira pa nkhani ya khosi, chinangwa chowawa chosaviika bwino chili patsogolo pa kove. Chimenechi ndiye chimasiya m'thupi zinthu zopikisana ndi ayodini zambiri, makamaka chaka cha njala pamene anthu amafulumira kuvuula chisanathe kuwawa.

Kwa inu amene muli oyembekezera nkhani ya ayodini ndi yayikulu kuposa kwa wina aliyense m'nyumbamo. Munthu wamkulu amafuna mamaikulogalamu 150 pa tsiku, mayi wapakati ndi woyamwitsa 250, chifukwa bongo wa mwana umamangidwa ndi timadzi ta chithokomiro cha mayi. Nde chimene mungamuchitire mwanayo si kusiya kove, nkuonetsetsa mchere. Kove weniweniyo akukupatsani vitamini A, vitamini C, foliki asidi ndi kashiamu wa mafupa amene thupi limamutenga mosavuta. Mapiritsi ofiira owonjezera magazi aja akusikelo pitirizani kumwa, kove salowa m'malo mwake, ndipo tiyi muzimwa patapita kanthawi mutadya chifukwa amatsekereza ayironi kulowa m'thupi.

Za apongozi anu. Chotupa cha zaka zitatu chikufunika chionedwe ndi maso komanso manja a wachipatala, kusiya kove sikungachiphwetse. Chikhoza kukhala chithokomiro cha kusowa ayodini, chikhoza kukhala kachotupa kena mkati mwa chithokomiro, pena zimakhala mwanabele wa TB makamaka ngati chili cham'mbali mwa khosi. Muwayang'ane akamameza madzi, chithokomiro chimakwera nkutsika ndi kumezako. Muwafunsenso ngati amamva kuzizira ena akumva kutentha, kutopa, kudzimbidwa, kunenepa osadya kwambiri, zimenezo zimasonyeza chithokomiro chofooka. Kapena mtima kuthamanga, manja kunjenjemera, thukuta, kuonda pamene akudya bwino, apo ndiye kuti chikugwira ntchito mopitirira. Ayambe pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, akawatumiza ku Ulongwe kapena ku chipatala chachikulu cha ku Tete koyezetsa magazi ndi kuunika khosi apite ndithu. Koma ngati chotupacho chayamba kukula msanga, chalimba ngati mwala, mawu asasa osabwerera, akutsamwa pomeza kapena akubanika akagona chagada, musadikire tsiku la msika kuti mupitire limodzi, apite mawa lomwe. Ndikupempheninso, asatemere mphini pakhosipo, ndaona zilonda zoipa kwambiri pamalo amenewa pomwe pali misempha ikuluikulu ya magazi. Ndipo wina asawauze kuti adonthezere ayodini wa pabala m'madzi nkumwa, ameneyo si wakumwa, komanso kwa munthu wachikulire wa chithokomiro chakale ayodini wambiri mwadzidzidzi amatha kuchipenga, mtima nkuyamba kuthamanga.

Mng'ono wanu wa ku Tete ndi amene nkhani ya kove wosaphika ikumukhudza. Kapu imodzi apo ndi apo kwa munthu wathanzi palibe vuto la chithokomiro, koma mtolo wonse m'makina ogayira m'mawa uliwonse kwa miyezi ine sindingamulimbikitse, makamaka ngati m'banja mwanu muli kale ena a makosi otupa. Ndipo madzi a kove sasungunula mafuta m'thupi, amene amaonda nawo amaonda chifukwa asiya mandasi ndi zakumwa za shuga m'mawa. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa iyeyo ndi majeremusi, ndifikako.

Miyala ya mu impso, apa uthenga uja unangosokoneza masamba. Miyala yambiri imapangidwa ndi chinthu chotchedwa oxalate, ndipo masamba amene ali nacho chambiri ndi sipinachi ndi bonongwe, kove ali m'gulu la amene ali nacho chochepa. Munthu amene anadwalapo miyala timamuuza kuti achepetse bonongwe adye kove kapena kabichi. Chimene chimabweretsa miyala ku Tete, ku Moatize, ku Changara uko nkusamwa madzi okwanira kukutentha kuja kwa Okutobala ndi Novembala kopitirira madigiri 40, munthu thukuta tsiku lonse mkodzo nkumatuluka wochepa wofiirira.

Pali gulu limodzi la odwala impso limene liyeneradi kusamala, amene achipatala anawauza kale kuti impso zawo zafooka, nthawi zambiri chifukwa cha shuga kapena BP ya zaka zambiri. Impso zofooka zimalephera kutulutsa potaziyamu, ndipo akachuluka m'magazi mtima umasokonekera kagundidwe, nthawi zina popanda chenjezo. Kove ali ndi potaziyamu, monganso nthochi, mbatata ya kachewere, tomato ndi nyemba. Oterewa timawauza adye pang'ono, awiritse masamba m'madzi ambiri nkutaya madziwo, ndipo chidulo asiyiretu chifukwa madzi a phulusa ndi potaziyamu weniweni. Amene amamwa enalapril kapena spironolactone impso zili zofooka akhale tcheru kwambiri poti mankhwala amenewa amasunganso potaziyamu m'thupi. Koma impso zabwinobwino kove saziwononga, zimenezo iwalani.

Tsopano za magazi kuundana. Kove ali ndi vitamini K wambiri zedi, kapu imodzi ya wophika ikupitirira kangapo zimene thupi limafuna pa tsiku. Vitamini K ndi amene chiwindi chimagwiritsa ntchito popanga zinthu zoumitsa magazi ukadzicheka, ndipo mwana wanuyo akadzabadwa adzamubaya jakisoni wa vitamini K yemweyo kuti asataye magazi. Kwa munthu wabwinobwino kudya wambiri sikuundanitsa magazi, thupi limapanga zimene likufuna basi. Nkhani imasintha kwa amene amamwa warfarin, ku famasi amalemba kuti varfarina. Awa ndi anthu amene anaikidwa valavu yachitsulo mumtima, a mtima wogunda mosalongosoka, kapena amene magazi anawaundanapo m'mwendo kapena m'mapapo. Mankhwalawa amagwira ntchito potsekereza vitamini K, nde ukadya masamba ambiri mwadzidzidzi mankhwala amachepa mphamvu magazi angaundane, ukasiya masamba mwadzidzidzi mankhwala amaposa mphamvu ungataye magazi. Mwaona kuopsa kwa uthenga ngati umenewu? Munthu wa warfarin amene wakhala akudya kove tsiku lililonse, mulingo wa mankhwala ake anauyeza akudya choncho, akawerenga pa foni nkusiya lero lomwe, pakatha masiku angapo nkhama zimayamba kutuluka magazi, kamfuno, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda. Langizo lake ndi loti adye masamba mofanana sabata ndi sabata, osati mwezi uno dimba labereka mbale yodzadza mwezi wamawa osalawa, ndipo azipita koyezetsa magazi kuja amati INR, ambiri amafunika akhale pakati pa 2 ndi 3. Nkhwani, chisoso, repu, mpiru, zonsezi zili ndi vitamini K, si kove yekha. Ngati pa gulu lanu lija pali wina womwa mankhwalawa chonde mumuuze zimenezi. A asipirini nkhaniyi siikuwakhudza.

Nde tifike pa chimene ine chimandiopsa pa kove, ndipo ichi chikukhudza abambo akunyumba mwachindunji: mankhwala opopera. Kove amakondedwa ndi nsabwe za m'masamba ndi timbozi tija tobooleza tsamba, ndipo wogula pamsika amasankha mtolo wosalala wopanda kabowo, nde mlimi amapopera. Kupopera pakokha si mlandu. Mlandu ndi kupopera Lachinayi nkuthyola Lachisanu kuti Loweruka m'mamawa mitolo ikhale pamsika. Botolo lililonse la mankhwala ovomerezeka limalembedwa masiku oyenera kudikira usanakolole, pa Chipwitikizi amalemba intervalo de segurança, ena masiku ochepa ena sabata ziwiri kapena kuposa, zimatengera mankhwala ake. Koma ambiri amagula otsanulira m'tibotolo topanda chizindikiro, amayeza ndi chitsekerero, "thirani ziwiri kuti zife msanga", ndipo ena amatenga otsala ku fodya kapena ku thonje nkupopera ndiwo, zimene siziyenera kuchitika olo pang'ono. Mankhwala ena monga dimethoate amalowa mkati mwa tsamba, nde kutsuka sikuwachotsa, chimawachotsa ndi masiku odikira aja basi.

Ndinalandirapo banja lonse usiku, mayi, bambo ndi ana, onse akusanza ndi kutsegula m'mimba, poyamba aliyense ankaganiza kolera. Koma kamwana kakang'ono kanali ndi dovu lochucha, thukuta thupi lonse, timaso takuda tija titachepa ngati kansonga ka singano, pachifuwa pakulira. Titafunsitsa, mnyamata wawo anapopera dimba dzulo lake osauza munthu, mayi anakathyola m'mawa. Anachira onse, koma kamwanako kanatisautsa. Zizindikiro zimenezi muzisunge pamtima: malovu ambiri, thukuta, misozi, kusanza, minofu kunjenjemera, kubanika, anthu angapo kudwala limodzi atadya mphika umodzi. Zikatero thamangani kuchipatala ndipo botolo la mankhwalalo mulitenge, osataya nthawi ndi kumwetsa mkaka kapena kusanzitsa munthu.

Nde mukambirane ndi abambo mwaulemu, poti iwonso akufuna ndalama ya sabata ndipo mbozi sizidikira. Njira imene alimi ambiri amaikwanitsa nkugawa dimba pawiri kapena patatu, mbali imene yapoperedwa aikepo kamtengo ndi kansalu kofiira kuti aliyense adziwe, muzithyola mbali inayo mpaka masiku akwane. Ayambe athyola kenako apopere, osati kupopera kenako kuthyola. Agule mankhwala a m'botolo lake lolembedwa, akalephera kuwerenga afunse alangizi a zaulimi. Nsabwe zikangoyamba kumene madzi a sopo kapena a masamba a nimu amathandiza, timbozi tina nkungotola ndi manja m'mawa. Ndipo inuyo ndi mimbayo musapopere, musasungunule mankhwala, zovala zopoperera musachape ndinu, komanso botolo lisagone m'nyumba momwe muli ufa. Kwa amene amagula pamsika, tsamba la timabowo tiwiri titatu musalinyoze, koma la timadontho toyera touma pamwamba kapena la fungo la mankhwala lisiyeni olo likhale lotchipa bwanji.

China ndi madzi othirira. Dimba likakhala kumunsi kwa zimbudzi, kapena likathiriridwa ndi madzi a m'ngalande za m'tauni, kapena manyowa a nkhumba ndi a ng'ombe osawolerana akamagwera pamasamba, tsamba limanyamula mazira a njoka za m'mimba, taifodi ndi kolera. Mukukumbuka mmene kolera inavutira kuno ku Tete mu 2023. Wophika amapulumuka chifukwa moto umapha zonsezi, wa madzi ogaya uja ndi wa saladi alibe chomuteteza. Mng'ono wanuyo sadziwa dimba limene kove wake wachokera, nde ngati sakufuna kusiya, atsuke tsamba limodzilimodzi ndi madzi aukhondo, aviike m'madzi othira mankhwala oyeretsa madzi aja a Certeza monga mwa malangizo a pabotolo, kapena bwino kwambiri awafutse pa nthunzi mphindi zochepa asanagaye. Inu oyembekezera zosaphikazi zisiyeni kaye. Za zitsulo zapoizoni zimene ena amalemba pa intaneti, kove amayamwadi zina ngati dothi lili loipitsidwa, nde dimba lisakhale pa dzala, potayira mabatire ndi oilo, kapena pamene pamatsikira madzi ochokera ku migodi. Dimba la kudambo la kumudzi nkhawa imeneyi ndi yochepa.

Mpweya m'mimba ndi kutupikana, eeh zimenezo zimachitika, banja lonse la kabichi lili choncho ndipo mimba ikamakula zimawonjezeka. Si matenda. Chotsani mitsitsi yolimba ya pakati pa tsamba, aphikeni afewe, idyani pang'ono kawiri m'malo mwa mbale yodzadza kamodzi.

Pophika, tsukani masamba musanadule osati mutadula, madzi akhale ochepa, ndipo asapse mpaka kuda. Soda amafewetsa msanga inde koma amapha vitamini C ndi mavitamini ena, kove wanthete safuna soda. Kasupuni ka mafuta kapena nsinjiro nzofunika chifukwa vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta, nde kove wotendera ndi wabwino kuposa wongowiritsa ndi mchere. Muzisinthanso, lero kove, mawa nkhwani, mkuja khwanya kapena chisoso, mfutso ukakhalapo nawonso. Mwana akadzakwana miyezi 6 mutha kumamupotera wophika bwino m'phala, isanakwane ndi bere lokha.

Apongozi popita kuchipatala atenge mankhwala onse amene akumwa, a BP, a zitsamba, alionse, ndipo pakhale wina wowaperekeza amene akudziwa chaka chimene chotupacho chinayamba ndi mmene chakulira. Akakawapatsa mapiritsi a chithokomiro, aja a levothyroxine, amamwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu, nkudikira mphindi zosachepera 30 asanadye phala, ndipo kove wophika azidya ngati kale. Inunso ulendo wotsatira wa kusikelo muwauze anamwino kuti akugwireni pakhosi, muwauzenso mtundu wa mchere umene mwakhala mukugwiritsa ntchito.